Ba Lemmy ndi Chijeremani cha Galu

Alamu anga ba Lemmy ndi munthu wofatsa, koma nkhani yawo ya Chijeremani imandinyansa mpaka lero. Amakhala kuno ku komboni ya Ng'ombe, ndipo kwa zaka zambiri ankalondera pageti la banja lina la ku Jeremani, kumayadi. Ankapita wapansi, dzuwa kapena mvula.

Pakhomopo panali chigalu chakuda, dzina lake Bruno, chosamva Chinyanja kapena Chingelezi. Ndiye abwana anawaphunzitsa alamu mawu ochilamulira. Sitz ndiye khala pansi, Platz gona, Komm bwera, Bleib tsala pomwepo, Pfui siya zonyansazo. Galuyo anawazolowera kwambiri. Ankamusambitsa, kumuchotsa nkhupakupa ndi zala, kuwola manyi ake pa kapinga. Galu akudya nyama ya ng'ombe, ana a alamu akulimbana ndi kapenta.

Tsiku lina abwana, mowa utawalowa pakhonde, anati akadzabwerera kwawo Bruno sangapite popanda Lemmy. Basi, mawu a pamowawo alamu anawasunga ngati lemba la m'Baibulo.

Anayamba kuphunzira Chijeremani pa foni ya mwana wawo Cynthia. Ukapita kukawaona, moni wake Guten Tag. Madzi anasanduka Wasser, buledi Brot, ayi Nein. Ankatilalikira kuti Ajeremani amalemba dzina la chinthu chilichonse ndi chilembo chachikulu, ngakhale supuni, kuti amalumikiza mawu ngati mabogi a sitima, ndipo kuti chinenerochi amachiyankhulanso ku Austria ngakhale ku Namibia konkuno. Akuti kwa iwo tebulo ndi lalimuna, chitseko ndi chachikazi. Ndinawafunsa kuti chitsekocho anachivinira liti chinamwali, koma sanaseke. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti anayamba kulamula ana chimodzimodzi. Mwana akagwira matope, Pfui. Mkulu wanga Ida, mkazi wawo, anawauza pamaso kuti iye sanabale agalu.

Mng'ono wawo Benedict, amene amawotcherera mageti ku Kalingalinga, anawaitana kuti azigwira limodzi, poti azungu ndi alendo, sachedwa kumanga katundu. Alamu anakana, akuti ulendo uli pafupi. Malowo anatenga munthu wina.

Nthawi yonyamuka itayandikira, Bruno anabayidwa majekeseni, anamupangira mapepala, anamugulira chibokosi chokwerera ndege. Za alamu, zii. Tinawakakamiza kuti afunse, koma iwo akuti wamkulu sumukumbutsa lonjezo, n'kupanda ulemu. Anakadzitengera okha pasipoti n'kumadikira. Ulemu wathu womwewu ndi umene umatidyetsa fumbi.

Tsikulo anavala suti yawo ya ukwati, kachikwama m'manja. Ine ndi Ida tinawaperekeza, tinaima panja pa geti ngati ogulitsa tomato. Galu anakana kulowa m'bokosi. Abwana anayesa, adona anayesa, osatheka. Alamu anagwada ndi suti yomweyo, n'kumusisita kukhosi.

“Komm, Bruno. Platz.”

Galu analowa n'kugona. Alamu ananyamula bokosilo ndi dalaivala, n'kuliika m'galimoto. Kenako anatola kachikwama kawo, kulunjika ku chitseko cha kumbuyo cha galimotoyo. Adona anadabwa, anayang'ana suti, anayang'ana chikwama. Anatambasula dzanja akumwetulira, monga ankachitira akamaimitsa Bruno.

“Nein, Lemmy. Bleib.”

Ndipo munthu wamkulu, bambo wa ana, anaima pomwepo. Galimoto italiza huta, anaika chikwama pansi, anatsegula geti, anatsekanso bwinobwino. Ida anadziphimba kumaso ndi chitenje. Ine ndinalavula malovu pa maluwa awo a panja, ndipo sindikupepesa.

Tinabwerera limodzi mpaka tinalowa mu Ng'ombe. Pafupi ndi mpopi wa madzi, alamu anandicheukira, fumbi lili mbuu m'mawondo a suti.

“Mulamu, mwaona? Namvela vonse vamene banakamba. Sininaphonye olo liwu limozi.”