Tsiku Limene Aphunzitsi Anadinda Chala

Anagogoda Lachisanu m'mawa, kutatsala masiku atatu kuti Khirisimasi ikwane. Ndinali kunyumba ku Chimwankhunda, ndikukonzeka kupita ku Limbe kumene ndimasoka zovala pakhonde la sitolo. Anali apolisi awiri ovala zovala wamba. "Bambo mlembi, tiyeni mukatithandize timafunso pang'ono, mubwera pompano." Mkazi wanga anandipatsa juzi. Iye anadziwa kuti okutenga Lachisanu lotere amakhala atawerengera kale zoti makhoti akutseka.

Mlandu wanga unali kalata. Ndine mlembi wa mpingo wathu, wowerenga zolengeza, ndipo Lamulungu lapitalo ndinapeza pakati pa mapepala kalata yolemba pamanja, yopanda dzina. Inkanena za bwana wina amene ankalanda mapuloti a amayi amasiye ku Nancholi. Ndinaiwerenga mokweza, poti ine mawu anga ndimawakonda. Kalembedwe kake ndinakazindikira msanga. Kanali ka amayi aphunzitsi a mumpingo mwathu momwemo, opuma pantchito, amene anandiphunzitsa kulemba kwathu ku Nsanje, rula ili m'manja.

Kupolisi, wofunsa mafunso anaiyala kalatayo patebulo. "Walemba ndani?" Ndinati sindikudziwa. "Mudziwa, madala. Ife tilibe changu." Anandifunsa kawiri tsiku limenelo, katatu Loweruka. Pofika Lamulungu khutu langa lakumanzere linali litasiya kumva, ndipo mpaka lero silinabwerere mwakale.

Musandiyese wolimba mtima. Ndinkaopa kwambiri, ndipo dzina la aphunzitsi linkangofika pamilomo, ine n'kulimeza. M'selo anandiika pafupi ndi ndowa yodzithandiziramo, malo a wobwera kumene, ine wozolowera mpando wakutsogolo kutchalitchi. Dalaivala wina wachisilamu, amene anali atakhalitsamo, anaona kuti ndikumadzidzimuka kiyi akangolira.

"Achimwene, mukamadikira chitseko mupenga. Dikirani Mulungu, chitsekocho chisiyeni."

Masabata onse apitawo ndinali ndikulengeza za nyengo yodikira kubadwa kwa Ambuye, koma amene anandiphunzitsa kudikira ndi iyeyo.

Lolemba masana, tsiku la Khirisimasi, anandiitana kuti kwabwera chakudya. Lamulo la pamenepo ndi lakuti wobweretsa chakudya alembe dzina ndi kumene akuchokera m'buku la alendo, kenako alawe chakudyacho alonda akuona. Ndinkayembekezera mkazi wanga. Pakauntala panaima amayi aphunzitsi, atanyamula mpunga ndi nkhuku. Wofunsa mafunso uja anali chapambali, kalata ili m'manja, ndipo mlonda anali atawapatsa kale cholembera.

Ndinayang'ana cholembera chija. Zilembo zawo zopendekera, zomwezo za m'kalata ija, ngakhale wakhungu akhoza kuzizindikira. Mzere umodzi wokha unali wokwanira.

"Bwana," ndinatero, "agogo awa musavutike nawo. Sukulu sanapondeko, cholembera amachigwira ngati mthiko."

Anandiyang'ana, mayi amene amakonza ngakhale abusa akaphonya vesi. Maso amenewo ndinkawadziwa kuyambira ubwana, ndipo ndinamvetsa kuti mpunga unali chonamizira chabe. Anabwera kudzadziulula kuti ine ndituluke. Koma iwo amadwala shuga, sakanatha sabata m'chipinda chija, ndipo amasiye aja analibenso wina wowalankhulira.

"Amayi, dindani chala muzipita," ndinawapempha. "Kunyumba akukudikirani."

Sindidziwa kuti tinaima nthawi yaitali bwanji. Pawailesi ya alonda pankamveka nyimbo ya mtendere padziko. Wofunsa mafunso anatukula mutu.

Aphunzitsi anachiika pansi cholembera chija. "Zoona, bwana. Ine za makalata ayi."

Mlonda anaseka, n'kugwira chala chawo chachikulu, kuchiviika pa inki ndi kuchikanikiza m'buku. "Kukalamba konseku osatha kulemba ngakhale dzina lanu, agogo?"

"Pepani, bwana," anayankha.

Analawa mpunga, anatembenuka, n'kumapita osacheuka. Mpungawo tinagawana m'selo, aliyense kadzanja kamodzi. Kwa nthawi yoyamba chilowereni ndinakhala pansi mtima uli m'malo, ngakhale ndinkadziwa kuti mawa andiitananso. Anandiitanadi.

Ananditulutsa Lachinayi popanda mlandu. "Pitani mukadye Chaka Chatsopano, madala. Koma pakamwapo muzisamala." Ndinadutsa m'tauni ya Blantyre ndikumva oitanira minibasi ndi khutu limodzi, ndikucheuka galimoto iliyonse ikaima pafupi nane.

Mawa lake ndinapita kwa aphunzitsi. Inki inali isanachoke m'mbali mwa chikhadabo.

"Iwe, unandinyoza pagulu," anatero.

"Pepani, amayi."

"Ndinabwera kudzasenza mtanda wanga, iwe n'kundilanda. Kubwerera kunyumba kukusiya mmuja kunandiwawa kuposa kusekedwa kuja." Kenako anafunsa: "Lamulungu uwerenga zolengeza?"

"Ndikuopa, amayi."

"Inenso ndikuopa."

Anthu amandifunsa kuti ufulu umakoma bwanji munthu ukatuluka. Ine ndinatuluka ndi mantha anga onse, ndipo ndikadali nawo. Chimene ndinapeza n'chochepa: mantha amalankhula, koma si iwo olamula. Aphunzitsi anatsegula Baibulo lawo n'kusolola kalata ina yopinda, ya zilembo zokhotakhota ngati za mwana wa sitandade wani.

"Iyi ndalemba ndi dzanja lamanzere."

Ndinailandira ndi manja awiri.