Tsiku Limene Belu Linalirira Mwini Wake

Chizindikiro choyamba chinali kutsokomola. Kunayamba mu Meyi, patatha zaka ziwiri chichitikire chisankho cha zipani zambiri, nthawi imene mphepo ya pa Dedza imayamba kuluma makutu. Ine ndinkacheka matabwa a paini m'munsi mwa phiri, ndipo wocheka matabwa aliyense amatsokomola chifukwa utuchi suchoka m'mphuno mwathu. Choncho sindinadabwe. Akazi anga, aNabanda, anandiwiritsira masamba a bulugama, ndinadzifunditsa bulangeti pamwamba pa mphika, m'mawa mwake n'kubwerera ku ntchito.

Mu Juni ndinayamba kudzuka zofunda zitanyowa ndi thukuta pamene kunja kuli chisanu choumitsa zala. Chakudya chinasiya kukoma. Lamba wanga ndinamuboola ndi msomali kawiri kuti buluku lisagwe. Mu Julayi mawu anayamba kusasa, ndipo mwezi umenewo usanathe ndinaona magazi m'makhololo. Ndinapinda mpango, ndinauika m'thumba, osauza munthu.

Chifukwa chake ndinena poyera: ndinkaopa pakamwa pa anthu. Masiku amenewo munthu ukaonda n'kumatsokomola, anthu ankamaliza okha nkhani yako. Ankati wapezeka ndi matenda a masiku ano, n'kuyamba kuyang'ana mkazi wako ndi maso achisoni iwe ukadali moyo. Ine ndinali munthu wodziwika pang'ono pa Boma, ndipo chimene ndinkadziwika nacho n'chimene chinachititsa bodza langa kukhala lochititsa manyazi kwambiri.

Tinali ndi gulu lathu lotchedwa Ndinalipo. Analiyambitsa aNachisale, mayi amene anaphunzitsa ana zaka zambiri asanapume pa ntchito. Iwo ankati kwa zaka makumi atatu tinazolowera kucheuka tisanalankhule, ndipo ngakhale ufulu unabwera, malilime athu anali adakali opindika. Munthu akafuna kunena za iye mwini ankayamba ndi mawu akuti wina wake, kwina kwake. Ndiye Loweruka loyamba la mwezi uliwonse masana tinkakumana m'kalasi ya pa sukulu ina ya pulayimale, kuti munthu aime n'kusimba chinthu chimodzi chimene chinamuchitikira iye mwini. Pakhomo sitinkalipiritsa, ndipo panalibe wolandira malipiro. Wosimba ankayamba ndi mawu akuti "Ndinalipo," ife n'kuyankha kuti "Tiuzeni." Lamulo linali limodzi: nthano ayi, za eni ake ayi, zokometsera ayi.

Kuti lamulo lisungike panali belu la njinga, lochotsedwa pa njinga yakufa ya malemu amuna awo a aNachisale. Wosimba akayamba kuthira mchere wambiri, belu linkalira kamodzi, iye n'kubwerera m'njira. Wogwira belu ndinali ine. Ndipo ndisaname, ntchitoyo ndinkaikonda kupitirira muyeso. Ndinaliza belu pa katekisiti amene anati anathamangitsa fisi ndi chipewa. Ndinaliza pa kalaliki wopuma amene anati sanaopepo munthu aliyense m'nthawi ya chipani chimodzi. Anthu ankaseka, ine mtima n'kumakula.

Loweruka loyamba la Ogasiti ankasimba ndi mayi wina wogulitsa mbatata ya kachewere pamsika. Ali pakati pa nkhani, chifuwa chinandigwira mwakuti mayiyo anaima kudikira kuti ndimalize. Sindinamalize msanga. Nditapukuta pakamwa n'kubisa mpango, aNachisale anandifunsa kuti chifuwacho chatha miyezi ingati. Ndinayankha ndi mawu anga osasawo kuti ndi chimfine cha sabata yomweyo, utuchi basi.

ANachisale sanatsutse. Ananyamuka pang'onopang'ono, anadza pamene ndinakhala, anatenga belu pamiyendo panga, n'kuliza kamodzi.

Palibe anaseka. Ndinatuluka m'kalasimo nkhope itatentha, ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, ndikupuma katatu panjira chifukwa mpweya unkandithera. Ndinauza aNabanda kuti ku gulu kuja sindidzapondako, andinyoza pa anthu. Iwo anapitiriza kusankha nyemba m'lichero, kenaka anandiuza kuti ndi iwo amene anapita kwa aNachisale kukadandaula, chifukwa mipango yanga amachapa ndi iwo.

"Anzanu mwawalizira belu zaka ziwiri," anatero. "Inu lalira kamodzi, mwakwiya. Lolemba tikupita kuchipatala."

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma tsiku limenelo khutu linkandiwawa kwambiri moti sindinathokoze.

Lolemba tinalawira. Tinapeza mabenchi atadzaza kale, ena atakhala pansi atatsamira khoma. Tinadikira mpaka dzuwa litafika pamutu. Anandiyeza pa sikelo, anandimvetsera pachifuwa, n'kundipatsa timabotolo titatu ta makhololo: kamodzi pomwepo, kena m'mawa mwake nditangodzuka, kachitatu pobweretsa kachiwirika. Anandijambulanso pachifuwa. Zotsatira zinatuluka Lachisanu, ndipo masiku odikirawo anali aatali kuposa miyezi itatu yonse ya bodza langa.

Adokotala anali munthu wosazungulira. Anati ndi chifuwa chachikulu, ndipo chafika kummero, n'chifukwa chake mawu akutha.

"Chifuwachi chichira mukamwa mankhwala osadumphitsa," anatero. "Koma za mawu sindikulonjezani. Mukanabwera mu Juni tikanalankhula zina."

Anandiletsa kulankhula, ngakhale kunong'ona, mpaka iwo atandiuza. Mawu amenewa anandilasa kuposa dzina la matendawo. Ine sukulu sindinapite nayo patali, kulemba kwanga n'kwa miyeso ya matabwa. Chimene ndinali nacho pamaso pa anthu chinali pakamwa. Ndinaganiza kuti mwina sindidzaimanso m'kalasi muja kunena kuti ndinalipo, ndiponso kuti mawu anga omaliza amene gulu lidzakumbukire adzakhala abodza.

Anandigoneka m'wodi ya odwala chifuwa kwa miyezi iwiri. Tsiku lililonse linkafanana ndi linzake. M'mawa anamwino ankabwera ndi jakisoni, lero thako ili, mawa linalo, mpaka pokhalira panasowa. Kenaka mapiritsi, omwera pamaso pawo, osati kukamwera kuseri. Mkodzo unasanduka wofiira, ndipo ndikanathawa nawo mantha akanapanda kundichenjeza kuti ndi mankhwala. Masiku ena chizungulire chinkandigwira, makutu n'kumalira. Lolemba lililonse tinkafola pa sikelo. Mawindo ankakhala otsegula kuti mpweya uziyenda, ndipo amene amadziwa mphepo ya Ogasiti pa Dedza angamvetse chifukwa chake tinkakhala titadzikulunga mabulangeti mpaka kumutu. ANabanda ankagona kumalo a odwazika matenda, n'kumandibweretsera phala lotentha m'mawa uliwonse. Ndikafuna kanthu ndinkaloza ndi chala.

M'wodimo tonse tinali oonda, makosi ngati a nkhuku zonyowa, koma anyani sasekana zikundu. Pa bedi loyandikana ndi langa panali aGama, mphunzitsi wa ku Kabwazi, munthu wofatsa amene ankandiwerengera nyuzipepala zakale n'kumadziyankha yekha m'malo mwanga. Iwo anali ndi chifuwa chachikulu komanso kachilombo kaja anthu ankaopa kukatchula. Ine nditayezetsa magazi sanandipeze nako. Sindinena izi modzitama, chifukwa aGama anali munthu wolungama kuposa ine, ndipo matenda sasankha potengera khalidwe.

Loweruka loyamba la Seputembala masana ndinamva phokoso panja. Nditasuzumira ndinaona gulu lathu lonse likuyala zitenje pa udzu pansi pa mawindo a wodi. ANachisale anali atapempha kwa anamwino aakulu, ndipo anawalola bola asalowe m'kati. Ine, amene ndinalumbira kuti sindidzawapondera, iwo anabwera kudzandipondera. ANachisalewo anayandikira windo n'kundipatsira belu.

Odwala anzanga anakhamukira ku mawindo ndi mabulangeti awo. Katekisiti uja anasimba za tsiku limene anasokera m'nkhalango ya paphiri, ndipo nthawi ino fisi sanatchulidwemo. Mayi wa kachewere anamaliza nkhani imene chifuwa changa chinaidula. Atatha, aGama anafunsa ngati munthu wa pawindo amaloledwa kusimba. Anagwira chitsulo cha windo ndi manja onse, nati, "Ndinalipo." Apanja ndi am'kati onse, kupatula ine wopanda mawu, anayankha kuti awauze.

Anasimba za tsiku limene anauzidwa za magazi awo. Anati anatsika minibasi patali ndi kwawo dala kuti apeze nthawi yopeka bodza, ndipo anapeka atatu abwino. Koma atafika anapeza akazi awo akuwasitira malaya a kusukulu, bodza lonse n'kuuma pakamwa, ndiye anangonena zoona. Anatchula matendawo ndi dzina lake, pa anthu, masana. Ine belu linali m'manja mwanga, ndipo panalibe poliza ngakhale pamodzi. Ndinachita manyazi, komanso ndinanyadira kuti gulu lathu lija la mabenchi obwereka lafikitsa munthu ponena zimene ena ankafa nazo chete.

AGama anamwalira mwezi womwewo usanathe. Tsiku limene anapinda matiresi awo ndinalonjeza mumtima kuti mawu akadzabwerera, nkhani yoyamba kusimba idzakhala ya mpango uja.

Sikelo inayamba kukwera sabata yachinayi. Thukuta linasiya, magazi anasiya, njala inabwerera mwaukali. Sabata yachisanu ndi chiwiri adokotala anandiyang'ana kummero nati ndikhoza kuyesa pang'onopang'ono. Tsiku lonse ndinaopa kuyesa. M'mawa mwake aNabanda anabweretsa phala, ndinalawa, ndipo ndisanaganize ndinamva mawu akutuluka: "Mulibe mchere umu." Akazi angawo anakhala pansi, analira, kenaka anaseka. Mpaka lero amauza anthu kuti mwamuna wawo anakhala chete masabata asanu ndi awiri kuti mawu ake oyamba akhale odandaula.

Ndinatuluka mu Okutobala, koma mankhwala sanathere pomwepo. Ndinamwa mapiritsi miyezi ina isanu ndi umodzi, kukatenga mwezi ndi mwezi, kuperekanso makhololo pamene anandiuza. Pofika Khirisimasi ndinkadzimva wamphamvu, ndipo apa m'pamene ambiri amasiyira. Anamwino anali atatichenjeza kuti chifuwa chosiyidwa panjira chimabwerera chitakwiya. Sindinadumphe ngakhale tsiku limodzi. Mu Epulo anandiuza kuti ndachira.

Loweruka loyamba la Meyi, chaka chathunthu chiyambire kutsokomola kuja, ndinaima m'kalasi. Belu ndinalipereka ndekha kwa aNachisale. Mawu anga anali atabwerera koma okhakhala ngati sowo yobuntha, ndipo samveka patali, choncho anthu anakoka mabenchi kuyandikira. Ndinati ndinalipo, iwo anati ndiwauze. Ndinanena zonse: utuchi umene ndinaunamizira, lamba, mpango, mkwiyo wanga, jakisoni, ndi aGama pa windo. Sindinadzikometse paliponse. Nthawi yonseyo ndinkaba maso kuyang'ana chala cha aNachisale chili pa belu. Nditamaliza anandibwezera belulo, nati, "Tengani katundu wanu, aMbewe. Lero analibe ntchito."

M'moyo mwanga ndayamikiridwapo pa matabwa owongoka ndi pa ana olera bwino, koma palibe chimene ndimanyadira kuposa kukhala chete kwa belu limenelo. Anthu atabalalika, mnzanga wina wa ku macheka anatsalira pakhomo akupotokola chipewa. Anati nayenso chifuwa chamutengera nthawi. Lolemba ndinamuperekeza kukatenga timabotolo take, ndipo lero ali moyo, mawu ake ali bwinobwino chifukwa iye sanachedwe.

Tsopano patha zaka ziwiri chichirire. Thupi linabwerera, mabowo awiri a pa lamba aja ndinawasiya kalekale. Ku macheka ndinachokako, ndimasamala mbande za paini ku nazale, ndipo phiri ndimakwera osapuma panjira. Gulu la Ndinalipo likukumanabe, ndipo kawiri pachaka timakayala zitenje pansi pa mawindo a wodi ija. Chimene sichinabwerere ndi kuimba. Ku kwaya ya kutchalitchi ndinali wa besi, lero ndimangotsatira ndi milomo.

Kwa inu amene mukutsokomola kupitirira masabata atatu, amene mukudzuka ndi thukuta, amene zovala zayamba kukukulirani, ndikuti pitani kuchipatala sabata ino. Musanamizire utuchi, fodya kapena mphepo ya kumapiri kuno. Chifuwa chachikulu chimachira, ndipo zonena za anthu sizinaikepo munthu m'manda, koma kubisa kwaika ambiri. Mukayamba mankhwala, malizani. Musadikire kuti wina achite kukulizirani belu pa anthu. Ine linandilirira nditachedwa kale ndi miyezi iwiri, ndipo miyezi iwiri imeneyo ndimaimva pakhosi panga nthawi iliyonse ndikaima kunena kuti ndinalipo.