Foni Imene Inandionetsa Mapazi a Apongozi

Ndinaganiza zochoka ku Chipera chaka chimene mvula inadula chimanga chisanamasule. Ndinali nditaphunzira zaulimi ku univesidade, koma mudzi umene ndinakwatirako sunkasowa munthu wodziwa mayina a matenda a mbewu, unkasowa chakudya. Anzanga anapita kokumba golide kufupi ndi Fingoe. Ine ndinapita ku Beira, kumene ndinapeza ntchito yoyesa chinyezi cha mbewu m'nyumba yosungiramo katundu. Mkazi wanga Luwiza ndi mwana wathu Tereza ndinawasiya kwa apongozi anga, mayi ake a Luwiza, pakuti mudziwo unali wawo ndipo ine ndinali mkamwini.

Ku Beira mawu okha sanandikwanire. Ndinkafuna kuona nkhope ya Luwiza. Foni za mabwana sindikanazikwanitsa, choncho ndinayamba kuyerekeza zotchipa zimene zimalonjeza zofanana nazo, ndipo ndinachita zimenezi ndi khama la munthu wopanda wocheza naye. Ina inali ndi makamera ambiri kumbuyo, koma batire lake linkatha msanga, pamene kwathu foni imatchajidwa pa sola ya mwini loja, sitolo ya m'mudzimo. Ina inali ndi batire lolimba ndi galasi lalikulu, koma kamera yake yakutsogolo inkasandutsa nkhope yakuda kukhala mthunzi. Yachitatu inali yochedwa kutseguka ndiponso yosungira zinthu zochepa, koma inkaonetsa khungu monga lilili.

"Bwana, mukugula foni kapena mukufunsira mbeta?" anatero wogulitsa nditabweranso kudzaziyesa.

Ndinatenga yachitatuyo n'kuitumiza kumudzi.

Kwathu rede, ndiye kuti netiweki ya foni, imagwira pa kaphiri kokha ka kuseri kwa tchalitchi. Lamlungu lililonse Luwiza ankakwerako, ndipo kamerayo sinandinamize. Ndinkaona thukuta pamphuno pake ndi mpata wa mano ake.

"Mwanenepa, bambo a Tereza," ankatero. "Akukuphikirani ndani kumeneko?"

Dzinja litafika, Luwiza analeka kukwera. M'malo mwake ankakwera apongozi. Kwathu mkamwini ndi mayi wa mkazi wake sayang'anana kumaso; akakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire. Apongozi sanaone chifukwa choti galasi lisinthe mwambowo. Ndikaimba, ankalozetsa foniyo pansi. Ndinkaona mapazi awo, ming'alu ya zidendene, nyerere zodutsa pamwala, zonse zooneka bwino kwambiri.

"Anzanu adzuka, apongozi, koma pang'ono."

"Apite kuchipatala, amayi."

"Msewu wa ku Fingoe waduka. Madzi akaphwa apita."

Ndinapempha kuti amujambule Luwiza ali kunyumba. Anati sanasambe, akuchita manyazi. Mawu awo anali odekha, monga mmene munthu waulemu amalankhulira ndi wapaulendo kuti asamudule mtima. Ndinatumiza ndalama za mankhwala n'kupitiriza ntchito. Ndalingalira zimenezi nthawi yaitali, ndipo sindipeza amene ananama. Chimene ndikudziwa n'chakuti nkhope ya mayi amene mwana wake akufa sibisika. Ndikanaiona kamodzi kokha, ndikanakwera basi tsiku lomwelo.

Uthenga womaliza unati matenda akula, ndibwere. Kwathu mawu amenewo amanenedwa munthu atatsikira kale kulichete. Ndinafika pa njinga yamoto, matope mpaka m'mawondo, maliro ataikidwa.

Titameta, atsibweni a Luwiza anandiitanira pamkeka, abale onse ali pomwepo. Anandithokoza kuti ndinasunga mbumba yawo bwino. Kenako anandisudzula, ndiko kunena kuti ukwati watha ndipo ndine womasuka kubwerera kwathu. Tereza atsala, pakuti mwana ndi wa kwa mayi ake. Nyumba imene ndinafolera malata itsalanso. Sanachite mwankhanza. Anatsata dongosolo limene ine ndinkalidziwa kuyambira ubwana, koma ndili ku Beira ndinkalitcha dera limeneli kwathu osaganiza kuti chondimangirira kumeneko chinali munthu mmodzi yekha.

M'mawa mwake, ndikumanga chikwama panjinga, apongozi anabwera atagwira dzanja la Tereza. Sanapatuke, sanagwade cham'mbali. Anaima patsogolo panga n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chikwatirire mwana wawo. Nkhope yawo inali ya Luwiza, itakalamba.

"Muyende bwino, achimwene," anatero.