Mkwatibwi Satulukira ku Mabini

Nyumba imene tinkakhala ku Birmingham inali ndi ulemu woposa wa tonse okhalamo. Anaimanga mkulu wina wa fakitale ya zitsulo, m'nthawi ya mfumukazi ina yakalekale, ndipo boma linailowetsa m'gulu la nyumba zosakhudza. Njerwa zofiira, kansanja kosongoka pakona kopanda ntchito ina iliyonse, machumuni ataliatali osatulutsa utsi, mawindo okankhira m'mwamba olowetsa mphepo ngakhale utawatseka. Kukhoma msomali pakhoma unali mlandu. Nyumbayo inali ndi pepala loti ndi yofunika. Ine ndinalibe.

Ndinkagona pansi m'chipinda cha achemwali anga, omwe anali anesi, nditangosiya koleji. Ine ndimati kusiya. A kukolejiko ali ndi mawu awo ena. Chipindacho chinali pamwamba penipeni, kunsi kwa denga, kumene kale kunkagona antchito. Tinkayenda pa masitepe akumbuyo, opapatiza ngati njira ya mbewa, n'kumatulukira kakhomo ka m'mbali, pafupi ndi mabini. Masitepe akutsogolo, otakata, a matabwa osema, tinkangowaonera patali. Kumunsi kwake kunali matailosi a maluwamaluwa ndi chitseko chachikulu cha magalasi amitundumitundu. Alandilodi, mzungu wachikulire wokhala m'zipinda zapansi, anamangapo chingwe chofiira. Chitsekocho sichinkatsegulidwa.

Achemwali atapeza banja ndi mnyamata wa kufakitale ya magalimoto ku Solihull, azakhali anabwera kuchokera ku Wolverhampton kudzaona potulukira mkwatibwi. Anayang'ana kakhomo kaja, anayang'ana mabini, kenaka anayang'ana ine ngati ndinamanga ndine.

"Iwe, mwana wa mchimwene wanga atulukire apa? Pamodzi ndi zinyalala?"

"Ndi lamulo, azakhali. Nyumbayi ndi ya heriteji, chuma cha makolo awo."

"Nanga ife ndiye a chiyani? Poti umangokhala, pita ukalankhule nawo."

Ndinapita nditavala tayi. Ndinawafotokozera alandilodi kuti masitepe akutsogolo anawamanga otakata chifukwa cha madiresi ofufuma a madona akale, kuti diresi ya achemwali nayo ndi yofufuma, choncho ife tikungofuna kuthandiza nyumbayi kugwira ntchito imene anaimangira. Sanaseke. Anati nsapato za gogoda ziswa matailosi, ndipo wodumpha chingwe akasake kokhala.

Achemwali atamva anati, "Zisiyeni, achimwene. Zaka zonsezi ndakhala ndikutulukira komweko popita ku shifiti." Koma ankanena akuyang'ana kumbali, akusisita velo yawo.

M'mawa wa tsiku la ukwati tinayesa kumvera lamulo, ndipo izi ndikufuna zidziwike. Achemwali analowa pa masitepe akumbuyo. Pokhota, diresi inakana. Kukoka uku, kukankha uku, ayi ndithu. Tinawabweza chambuyo ngati galimoto.

"Mwaonatu," anatero azakhali. "Ndi nsalu yomwe yakana."

Sipanachitike msonkhano. Amayi akumpingo amene anabwera kudzaperekeza anangoyamba kumasula zitenje m'chiuno, ena kutulutsa m'zikwama, n'kumayala monga timachitira kwathu munthu akamapatsidwa ulemu. Kuyambira sitepe yapamwamba mpaka pachitseko, sipanaoneke thabwa kapena tailosi ngakhale imodzi. Ine ndinamasula chingwe chija, ndinachipinda bwinobwino ngati mbendera, n'kukachiika pakhomo pa eni ake. Mipiringidzo ya chitseko inali yam'kati. Inalira ngati nkhumba, koma inalola.

Alandilodi anatuluka atavala masilipasi, Chizungu chili m'kamwa. Nthungululu inachimeza chonse.

"Uwauze," anakuwa azakhali, "kuti pansi pawopo sitikupondapo. Tikuponda pathu!"

Ndinamasulira mwaulemu wonse.

Achemwali anatsika pang'onopang'ono, khosi lili chilili, diresi itadzaza masitepe mbali ndi mbali ngati anachita kuyeza. Atafika pansi, kuwala kwa magalasi aja kunagwera pa velo, kufiira ndi kubiriwira. Anaima kaye pakhomo pamenepo. Sanayang'ane aliyense. Anatuluka.

Tsono chitseko chikakhala zaka osatsegulidwa chimaphunzira mwano. Chinalendewera pang'ono n'kukana kubwerera m'malo mwake. Ndinakankha ndi phewa, alandilodi nawo anakankha, osatheka. Kunja magalimoto anali akuliza mahutala.

"Watsegula ndiwe," anatero azakhali akukwera. "Ulondere."

Motero ukwati wa achemwali anga, mmodzi yekhayo, sindinauone. Ndinakhala pa sitepe yamwala yapakhomo, tayi ili m'khosi, mulu wa zitenje pamiyendo, pambali panga alandilodi, tikudikira kalipentala wodziwa zitseko zakale. Kamvula kanayamba kuwaza. Alandilodi anandiuza kuti pakutha pa mwezi ndisaonekenso. Ndinavomera, munthu wogona pansi sasowa pogona. Kenaka anandifunsa ngati ndikudziwa kukula kwa chimene ndachita.

Ndinati eya, bwana. Ndatsegula chitseko.