Mfundo ya Mayi Anastaziya

Pamalo okwerera machapa, maminibasi aja, pa Mandimba palibe motorisita, kunena dalaivala, amene sawadziwa Mayi Anastaziya. Iwowa ndi a ku Itepela, ku Ngauma, aafupi, olankhula pang'ono, ndipo Lachinayi lililonse amanyamula matumba awiri a nyemba kukagulitsa ku Cuamba. Oyendetsa machapa anawapatsa dzina loti Namfundo. Asanakwere, mayiwa amatambasula dzanja pawindo, motorisita n'kuikamo foni yake, iwo n'kuimanga pamfundo ya kapulana, chitenje chawo cha m'chiuno. Amakhala pampando wakutsogolo, ndipo amakaimasula ulendo ukatha. Motorisita akakana, iwo amatsitsa matumba awo n'kukhala pamthunzi kudikira chapa china, ngakhale dzuwa lifike pamutu.

Anthu amawaseka, eti mayi wovuta, wochedwetsa anzake. Koma kwerani chapa tsiku limodzi muone zimene zimachitika kutsogoloko, mseru ukugwirani. Chiikireni phula mumsewu wa ku Cuamba, anyamata amayendetsa ndi bondo, manja onse ali pafoni. Wina amaonera mpira, wina amajambula nkhope yake yomwe kuti atumizire chibwenzi, wina amasenda nzimbe ndi mano, khosi atatembenuzira kumbuyo kutsutsana ndi wokwera. Ndipo anthu khumi ndi asanu ndi atatu, akuluakulu a ndevu zawo, amangokhala duu ngati nkhuku zopita kumsika. Ukawafunsa amati zonse ndi Mulungu. Galimoto ikagubuduka, omwewo ndiwo amayamba kutulutsa mafoni kujambula munthu akupuma komaliza, osamuikako ngakhale nsalu kumutu. Zimenezi zimawanyansa Mayi Anastaziya mpaka kulavula pawindo.

Komatu amene amawanyansa koposa onse ndi iwo eni, ndipo chifukwa chake anachisunga m'mimba zaka khumi ndi ziwiri.

Amuna awo, a Stefano, ankayendetsa lole yonyamula mabelo a fodya kuchokera ku Ngauma kupita ku Cuamba. Anali munthu wofatsa, woyenda pang'onopang'ono mpaka anzawo kumawanena kuti amaopa galimoto. Ndiye kunabwera amayi ena apachitsime ndi nkhani yoti a Stefano ali ndi mkazi ku Lúrio. Mayi Anastaziya anaimeza nkhaniyo yosatafuna. Anaika lamulo m'nyumba: foni ikalira, muyankhe, mukapanda kuyankha ndiye kuti muli naye. Tsiku lina m'mawa, nyengo yogulitsa fodya, anaimba kasanu ndi kawiri osayankhidwa. Mtima unawira. Ataimbanso, a Stefano anayankha.

"Muli ndi ndani?" anafunsa mayiwo.

"Ndili panjira, amake Dinércia, ndikutsika pa mlatho uja wa..."

Zotsalazo anazimva okha ndi khutu lawo, foni isanazime. Lole inagunda bambo wina wapanjinga, dzina lake Chabane, amene ankapita kumsika ndi chinangwa, kenaka inakagwera kunsi kwa mlatho. Onse awiri anafera pomwepo. Pamaliro anthu anati mabuleki anaduka, poti munthu wosamala ngati a Stefano sakanaphonya msewu. Mayi Anastaziya anangoweramitsa mutu n'kuwasiya anthu anene zimenezo. Mkazi wa ku Lúrio uja sanaoneke pamaliro, ndipo mpaka lero palibe amene anamuonapo.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Dinércia, anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anakula akudziwa za mabuleki. Ankati amayi ake amalanda mafoni chifukwa umasiye unawasokoneza pang'ono, ndipo ankachita nazo manyazi.

Chaka chatha Dinércia anakwatiwa ndi Élio, mnyamata woyendetsa chapa cha pakati pa Mandimba ndi Cuamba. Mayi Anastaziya atamva ntchito ya mkamwini wawo, chakudya chinakana kutsika masiku awiri. Chapa chake sanakwerepo. Mpongozi sakhala mogundana mapewa ndi mkamwini, amapatukirana ngakhale panjira, ndiye mpando wakutsogolo uja akanaukhala bwanji? Foni ya Élio inali yokhayo pa Mandimba imene inali isanalowepo pamfundo.

Lachitatu lina anafika kwa mwana wawo masana, kuti mawa lake alawirire ku Cuamba. Anamupeza Dinércia pakhonde akusankha mpunga, lichero pamiyendo, foni pakhutu. Anaimba, kudula, kuimbanso. Kachinayi Élio anayankha, ndipo phokoso la injini linkamveka mpaka pamene panakhala mayiwo.

"Bwanji simumayankha? Mukadzangochedwanso choncho ndidziwa kuti amene wakhala kutsogoloko si wokwera wamba," anatero Dinércia.

Mayi Anastaziya anacheuka. Mawuwo anali awo, kakwezedwe kake komwe, ngati kuti anamusiyira mwanayo pamodzi ndi miphika.

"Iwe, munthu ali pachiwongolero. Musiye afike," anatero.

"Amayi, inu amuna a masiku ano simuwadziwa. Ababa anali munthu wina. Iwo aja simunkawalondalonda chifukwa analibe nazo ntchito za akazi. Akanakhala kuti si mabuleki aja, bwenzi mpaka lero muli pamtendere."

Apa ndiye panali poti anene. Koma ungamuuze bwanji mwana wako kuti umasiye wake unaupanga ndiwe, ndi chala chako? Anaopa kuti Dinércia sadzawayang'ananso kumaso, ndipo mwanayo ndi yekhayo amene ali naye padziko. Anadzuka n'kupita kukaona matumba awo, amene sankafunika kuonedwa. Anadziona kuti ndi munthu wachabechabe, wolimba mtima pa ana a eni koma wamantha pakhomo pake.

M'mawa mwake anadutsa machapa awiri amene anali atatsala pang'ono kudzaza, n'kukaima pa chapa cha Élio. Anatsegula chitseko chakutsogolo n'kukhala. Amayi ena anagwira pakamwa, bambo wina wachikulire wovala kofiya anayang'ana kumbali n'kupukusa mutu. Élio atabwera n'kuona amene wakhala pampandopo, anabwerera m'mbuyo ngati waponda moto.

"Amayi, kumbuyoku kuli malo abwino," anatero, maso ali pansi.

"Ndakhala kale, bambo. Ndipatseni."

Anaipereka ndi manja awiri, nkhope atatembenuzira kwina. Iwo anaikulunga pakona ya kapulana, kumanga kawiri, n'kukoka ndi mano.

Asanamalize n'komwe nyumba za Mandimba, foni inayamba kunjenjemera m'chiuno mwawo. Inasiya, n'kuyambanso. Élio ankaimva, ndipo dzanja lake lamanzere linkachoka lokha pachiwongolero kupita kuthumba la malaya, n'kubwerera lopanda kanthu. Kachisanu thukuta linali litamutsika m'khosi.

"Amayi, ndiyankheko kamodzi kokha. Ndikapanda kutero kunyumba sikukhalika."

"Mapanga awiri avumbwitsa, bambo. Maso patsogolo."

Mnyamata wina wa kumbuyo anaseka n'kunena kuti zinazi n'kuzunza ana a eni, motorisita weniweni amayankha foni akuthamanga. Ena anavomereza. Mayi Anastaziya sanacheuke. Anthu oterewa ukawayankha umangodzidetsa pakamwa, ndipo ndi omwewo amene amadzalira mokweza kuposa amasiye.

Atadutsa theka la ulendo, pamalo pamene msewu umatsikira kukamtsinje, panali mayi wapanjinga atanyamula mtolo wa udzu wofolerera, wautali kuposa njingayo. Foni inali ikunjenjemera kachisanu ndi chinayi. Mbuzi inatulukira m'tchire, mayi uja anaithawa n'kulowa pakati pa msewu. Élio anaponda mabuleki, manja onse awiri ali pachiwongolero. Matayala analira, matumba a nyemba anagunda mipando, chapa chinaima udzu uja utakhudza galasi lakutsogolo. Mayi wapanjingayo anatsika n'kukankhira njinga yake kumbali.

"Mulungu ndi wamkulu," anatero mnyamata woseka uja, foni ili kale m'manja akujambula. Mayi Anastaziya anatsitsa galasi n'kulavula. Dzanja la Élio silinapitenso kuthumba mpaka ku Cuamba.

Atafika, anthu anatsika n'kubalalika. Mayi Anastaziya anakhalabe pampando, kumasula mfundo ija pang'onopang'ono poti inali itamangika kwambiri. Pafonipo panaoneka kuti Dinércia waimba kakhumi ndi kamodzi. Ali chiyang'anire, inayambanso kulira. Élio anatambasula manja, koma iwo anaidina okha n'kuiika pakhutu.

"Muli ndi ndani?" anafunsa Dinércia mwaukali.

Mayiwo anatsinzina. Élio anafuna kutsika kuti awapatse mpata, koma anamukodola kuti akhale, amve nawo.

"Ali ndi ine, amako."

"Amayi? Mwakwera chapa cha apongozi anu? Anthu atinena bwanji?"

"Anene. Khala pansi, Dinércia, ndipo usadule. Funso wafunsali ndinalifunsapo ine, mawu ake omwewa, m'mawa wa tsiku limene unavala nsalu yakuda. Ndinaimba kasanu ndi kawiri, bambo ako osayankha chifukwa ankayendetsa. Kenaka anayankha poopa ine."

Kumbali inayo kunangomveka nkhuku zikulira pabwalo.

"Mabuleki a lole ija anali abwinobwino, mwanawe. Ndakunamiza zaka zonsezi. Ukafuna kudana nane udane nane, ndibwera madzulo udzandinene pamaso. Koma mwamuna wakoyu ndakufikitsira ku Cuamba wamoyo, ndipo mawa sindidzakhalapo pampando uno."

Foni sinadulidwe. Kenaka Dinércia analankhula, mawu ake atachepa ngati a kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi kaja.

"Ndiye ababa ananena chiyani, amayi, pomaliza?"

"Anati ali panjira. Ankanena zoona."