Khadi Langa la Mgonero, Nambala 666

Ndidadandaula koyamba Lamulungu la Kanjedza chaka chatha, kachiwiri pa Pasaka, kachitatu polemba kalata. Makope ndili nawo. Pokopera mayina m'kaundula watsopano wa mpingo, adachoka pa 665 n'kudumphira pa 667. Wodumphidwayo ndine. Khadi langa la Mgonero ndi nambala 666 chibatizidwire, ndipo munthu wopanda dzina m'kaundula mpingo sumuyimbira pamaliro.

Lachiwiri 7 koloko m'mawa ndidakwera minibasi ku Area 2, ulendo wa kunyumba kwa alembi a mpingo ku Area 12. K1,000 mpaka ku City Centre, anayianayi pampando. Ndikusanja mapepala, mayi woyandikana nane adaona khadilo.

"Mwazi wa Yesu! Kondakitala, ndisinthe mpando!"

"Mpando kulibe, masteni. Pempherani pomwepo."

Adadzipanikiza kuzenera mpaka potsikira. Sindidakhalepo motakasuka chotero m'minibasi.

Ku City Centre ndidadya chinangwa chophika. Wakabaza adati K1,500, ine ndidati miyendo ndili nayo. Ku Area 12 kuli mipanda ndi agalu okhaokha, wofunsa njira kulibe, moti pageti ndidafika 9 koloko itadutsa.

"Abwana akusamba," adatero mlonda. Adatambasula dzanja kuti alandire envulopu momwe munali khadi langa, koma ataona nambala pamwamba pake adabweza dzanjalo kumbuyo. "Ikani pansi, madala, ndikankha ndi tsache."

"Khadi ili lalowa m'tchalitchi zaka makumi asanu. Padothi silikhala."

Alembi adatuluka 10 koloko, kapu ya tiyi kumanja.

"A Nkhoma, mwavutikiranji? Tikupatsani nambala yatsopano, yakumapeto."

"Pamodzi ndi ana obatizidwa dzana? Zaka zanga zonse zipite kuti?"

"Anthu amaopa, bambo. Wolemba pakompyuta adakana."

"Nanga tsamba 666 la m'Baibulo lanu mudang'amba?"

Adayang'ana m'kapu. Adati nkhaniyi aitengera kubwalo la akulu ampingo. Ndidawapempha asayine pakope la kalata yanga ija kuti ndafika. Adasayina, pepala nditagwira ine.

Ndidafika kunyumba 1 koloko, mapazi atatupa. Chilombo cha m'Chivumbulutso sindidakumane nacho panjira. Ndidakumana ndi akhristu oopa inki.

Choncho ndikupempha mwaulemu bwalo la akulu ampingo kuti lindiyankhe polemba, Mgonero wotsatira usanafike: kodi dzina langa libwezeredwa liti pa nambala yake? Ina sindilandira. Yankholo lifike ndikadali wotha kuliwerenga ndekha.