Mpando wa a Ezelina m'Galimoto Yofiira

A Kalekeni a kwathu kuno ku Chulu anabadwa opanda liwu loti ayi m'kamwa mwawo. Sindikunena kuti anali munthu wabwino kuposa ena. Mtima wokana anali nawo ndithu, waukulu ngati wa aliyense, koma ukafika pakhosi unkasanduka "chabwino". Njinga yawo yoyamba inakalambira m'manja mwa anthu ena. Akabwereketsa chinthu ankafika kunyumba n'kungokhala ndwii, ndipo amene ankapirira nkhope imeneyo anali akazi awo, a Ezelina.

Ine ndi a Ezelina tili mphakati umodzi kutchalitchi, zigafa zathu za fodya n'zoyang'anizana, choncho musandifunse kuti nkhani zawo ndimazidziwa bwanji. Mayi ameneyu ndiye ankathirira nazale, ndiye ankasoka fodya mpaka zala kuda bii, ndiyenso ankasankha masamba m'chigafa fumbi lake likumutsokomoletsa. A Kalekeni nawo ankalima, sindiwanamizira ulesi, koma ntchito imene ankaigwira ndi mtima wonse inali yoperekeza mabelo ku okushoni. Paja dzina lolembedwa pabelo limakhala la bambo.

Zitafika zaka za makuponi, feteleza anatsika mtengo, chimanga chinadzaza nkhokwe, ndipo ndalama ya fodya inasiya kuthera m'mimba. Tinanenepa, ndisakubisireni. Anzawo a a Kalekeni anagula malata, ena ng'ombe za pangolo, ena anakatenga akazi achiwiri. Iwo anapita ku Lilongwe n'kubwerako ndi galimoto yofiira psuu, ya zitseko ziwiri, yolira ngati chigayo, yonga zija amathamangitsana nazo anyamata a m'tauni. Mlimi wa fodya wa mutu wabwino amagula galimoto yonyamula katundu. Koma iwo anali ataganiza mozama: galimoto ya zitseko ziwiri, mpando wakumbuyo wosakwana ndi mwana yemwe, ndani angapemphe kukwera?

Anatipeputsa. Ife a ku Chulu tikhoza kulowa ngakhale m'botolo, bola likhale likupita ku boma. Posakhalitsa tinali titaphunzira kupinda mpando wakutsogolo n'kulowera kumbuyo chokwawa, amayi ndi ana pamiyendo. M'buti munkakwera feteleza wa mudzi wonse, thumba lero thumba mawa, nthawi zina mbuzi yomanga miyendo. Ankanyamula odwala, oyembekezera, okalandira makuponi, ndi okadandaula kuti sanalandire makuponi. Inenso ndinakweramo kangapo, ndipo mipando yake inali yofewa bwino.

Munthu mmodzi yekha m'mudzi monse sanakwerepo, a Ezelina. Si kuti ankaletsedwa ayi. Ankasamba, n'kuvala, potuluka n'kupeza pagalimoto paima kale alamu awo, kapena apongozi, kapena mayi wa mwana wotentha thupi. Kwathu kuno mkazi wapakhomo sakhala pampando mlamu ali chilili. Ankangomwetulira n'kunena kuti pitani, ine ndidzapita tsiku lina. Tsiku linalo linatha chaka chathunthu likubwera.

Mwana wawo woyamba, Consolata, anali m'kalasi lomaliza kusukulu ya atsikana ku Nkhamenya. Zaka zonsezo a Ezelina ankakamuona pa lole ya matola, n'kukafika ali mbuu ngati achokera kuchigayo. Litayandikira tsiku lomaliza loti makolo akaone ana mayeso asanayambe, mayi uja, amene sindinamumvepo akupempha ngakhale sopo, anapempha chinthu chimodzi.

"Ulendo uno ndikwera, bambo a Consolata. Ndikufuna mwana andione ndikutsika m'galimoto ya bambo ake, osati kudumpha pa lole ngati belo."

A Kalekeni anavomera. Vuto linali loti anali atavomera kale alongo awo, amene ankafuna kukaona mnzawo kufupi ndi Nkhamenya, ndi akulu ampingo ena awiri. Koma ulendo uno zinawakhudza. Anadziwa kuti pakamwa pawo sipangawathandize, ndiye anabwera ndi nzeru imene mwamuna yekha angaipeze: ngati iwo sangakane, galimoto izikana yokha.

Zimene zinachitika ku boma anatisimbira ndi Lucious, makaniko wa kuseri kwa sitolo ya zitsulo za galimoto ya a Usumani, tsiku limene anabwera kudzakonza chigayo chathu. Akuti a Kalekeni anafika n'kunena kuti akufuna galimoto itsike. Lucious anaganiza kuti wamva molakwa, chifukwa aliyense wochokera ku Chulu amapempha kuti galimoto ikwere. Atatsimikiza, anawauza kuti njira zilipo ziwiri. Yachidule ndi kungodula masipuling'i omwe alipowo. Galimoto imatsikadi, koma tayala limasowa kothawira likagunda bampu, chitsulo chimangokhala pa kamphira kamene kamatchinga kuti zitsulo zisagundane, ndipo wokwera amagwedezeka mano ngati ali pangolo. Njira yabwino ndi kugula masipuling'i aafupi olimba, omwe a Usumani anali nawo akuchita dzimbiri posowa wamisala woti awagule, kuika mashoko aafupi ochepetsa kugwedezeka, n'kuchepetsako kamphira kaja kuti patsale mpata woti tayala lizikwera ndi kutsika. Mpata umenewo ndiwo moyo wa galimoto. Katundu akachuluka amaudya wonse, mimba ya galimoto n'kuyandikira pansi.

A Kalekeni atamva zoti katundu akachuluka, nkhope inawala. Anatulutsa phesi la chimanga m'thumba la jekete. Msewu wathu, kwa amene simuudziwa, ngolo zinaukumba mbali ziwiri n'kusiya msana pakati ngati mzere wa mbatata. Bambo uja anali atayenda msewu wonse wapansi, kufunafuna pamene msanawo ndi wautali kwambiri, n'kudula phesi lofanana nawo. Anati akufuna galimoto imene ikanyamula iwo ndi akazi awo izidutsa pamwamba pa phesilo, koma akangokwera wachitatu izikhula pansi.

Lucious akuti chiyambire kugwira sipanala sanalandirepo ntchito yokoma chonchi. Anamanga, kumasula, kumanganso, kufikira nthawi yoyeza itakwana. A Kalekeni anakhala pa chiwongolero. Panatsala pa mpando wa amayi, ndipo Lucious anafunsa kuti kodi amayiwo ndi olemera bwanji.

"Thumba limodzi la feteleza," anatero a Kalekeni osaganiza n'komwe.

Anawonjezera kuti akudziwa bwino, chifukwa anawanyamulapo panjinga kuchokera kutchalitchi tsiku la ukwati, ndipo njingayo inkamveka chimodzimodzi ndi mmene imamvekera ikanyamula thumba. Panalibe amene anafunsa kuti ukwatiwo unali wa chaka chiti. Amuna atatu, onse okwatira. A Usumani anabwereka thumba pasitolo yoyandikana nayo, analikhazika pampando, mpaka analimanga lamba. Lucious analowetsa phesi pansi pa galimoto, linadutsa n'kutsala mpata wa chala. Kenako a Usumani anakwawira kumbuyo kukhala wachitatu, phesi linakanirira. A Kalekeni anaomba m'manja.

Kunena zoona, nzeruyo inagwira ntchito, ndipo ine ndinaisirira ngakhale inandilanda mpando. Kwathu sakwera mmodzi, akakwera uyu winanso amatsatira. Alongo awo aja anayesa ndi mnzawo wina wa m'mudzi, galimoto inangofika pa msana woyamba n'kumveka khwaa, ngati khasu lapala mwala. Anatsika okha. Akulu ampingo nawo anatsika okha. Anthu anatukwana galimoto, anatukwana Lucious, koma a Kalekeni anawamvera chisoni. Bambo uja ankatambasula manja n'kunena kuti ine ndikufunitsitsa, koma mwaona nokha. Masiku amenewo ankayenda mapewa ali m'mwamba ngati munthu amene wapambana mlandu.

A Ezelina sanayese nawo. Inali nyengo ya nazale, ankakhalira kudambo ndi makheni, komanso anati mpando wawo adzauyamba tsiku lomwelo, ngati nsalu ya Khirisimasi.

Tsikulo litafika, amayi a mphakati tinasonkhana m'mawa kudzawaperekeza ndi maso. Anatuluka atavala chitenje chatsopano chosokedwa kwa telala, duku lofanana nacho, nsapato zakuda zopukuta. Dengu linali ndi nkhuku yokazinga, chiponde, mandasi ndi mtedza. Pagalimoto panalibe mlamu, panalibe wodwala. A Kalekeni anatsegula chitseko okha, chinthu chimene sitinachionepo m'mudzi muno, ndipo tinalulutira. A Ezelina anakhala, dengu pamiyendo. Galimoto inagwada mbali yawo.

Inayenda mpaka kumapeto kwa zigafa, pomwe msana umayambira. Khwaa.

A Kalekeni anati vuto ndi dengu. Ndinathamanga kukalitenga ine. Anayesanso, khwaa yemweyo, ndiye ndinalibwezeramo. A Ezelina anatsika kuti galimoto idutse pamenepo, ndipo inadzuka bwinobwino n'kudutsa mwaulemu, dengu lili m'kati. Anakweranso. Sanapite patali, khwaa. Anatsikanso. Ife tinkangotsatira wapansi, chifukwa ulendowo unkayenda pang'onopang'ono kuposa maliro. Pofika pamunda wa a Nelson, nsapato zakuda zija zinali zitafiira, fumbi litakwera m'mphepete mwa chitenje, ndipo anthu anali atatuluka m'makomo. Ena ankaseka poyera, ena tinkaluma nsonga za zitenje.

A Kalekeni anatsika thukuta lili kamukamu, anagwada, anasuzumira pansi pa galimoto. Akanangokhala chete, bwenzi tikuti Lucious ndiye analakwitsa. Koma mwamuna akachita manyazi amafuna mboni.

"Sizingatheke, mayi a Consolata. Tinayeza bwinobwino. Tinaika thumba la feteleza pampando wanuwo, phesi linadutsa."

"Thumba limodzi?"

"Limodzi. Nanga si mmene mulili?"

A Ezelina anadziyang'ana. Anayang'ana mikono yawo imene inakula ndi makheni a madzi, thupi limene linabereka ana asanu n'kudzakhuta zaka za makuponi. Ndi mayi wa thupi lake, wooneka bwino, woti akamadutsa umadziwa kuti padutsa munthu. Sanakweze mawu.

"Bambo a Consolata, thumba limodzi ndinali tsiku lija munandikweza panjinga kuchokera kutchalitchi. Ndiye kuti kuyambira tsiku limenelo simunandiyang'anenso?"

Kuseka kwanga kunathera pomwepo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa. Munthu amene amadziwa kulemera kwa belo pongolitukula kona imodzi. Munthu amene anayenda msewu wonse ndi phesi m'manja kuti asaphonye ngakhale chala. Msewu anauyang'anitsitsa, galimoto anaigwadira, koma mkazi wogona naye chipinda chimodzi anakamufuna m'chikumbumtima cha zaka makumi awiri zapitazo. Ndipo choipa kwambiri n'choti zonsezi anazichita pofuna kumusangalatsa.

A Kalekeni anayesa kukonza. Anati amayi aziyenda pamene pali msana, azikwera pamene pali posalala, akafika pa tala ndiye basi akhala mpaka ku Nkhamenya. Mwina zikanathekadi. Koma a Ezelina sanakwerenso. Anakonza dengu pampando paja kuti lisagwe, analimanga lamba, anatseka chitseko pang'onopang'ono, n'kuwauza kuti atsogole mwana angade nkhawa. Kenako anavula nsapato, anazinyamula m'manja, n'kulowera njira yachidule yopita pamene timadikirira matola. A Kalekeni anawaitana kawiri konse, sanacheuke.

Za ku Nkhamenya anandiuza Consolata atabwera kutchuthi. Galimoto yofiira inafika bwino, pa tala inkathamanga ngati mphepo. Atsikana anaiunjirira. Iye anathamangira kuchitseko cha amayi ake, chifukwa anali atauza kale anzake onse kuti lero muwaona amama akutsika. Anatsegula, n'kupeza dengu lomanga lamba. Anafunsa kuti adada, nanga amama, ndipo adada akewo anangoyang'ana chiwongolero. Amayi ake anafika dzuwa litapendeka, anadumpha pa lole ali mbuu monga mwa masiku onse.

Sabata yotsatira a Kalekeni anabwerera kwa Lucious kukabwezeretsa masipuling'i akale. Galimoto inakwera, ndipo ife tinabwerera mwamsanga ngati nyerere pa shuga. Koma china chinasintha. Lamulungu loyamba alongo awo atafuna kukhala kutsogolo, tinamva liwu limene sitinalimvepo m'kamwa mwa bambo uja. Anati ayi, mokweza, mpaka nkhuku zinathawa. Anati mpando umenewo uli ndi mwini wake. Zaka zonsezo tinkati munthuyu sangaphunzire kukana, osadziwa kuti mphunzitsi wake anali m'nyumba momwemo.

Makuponi anabwera n'kumachepa, fodya anakwera n'kutsika, Consolata anakhoza mayeso ndipo pano ndi namwino. Galimoto ija ikadalipo, utoto unasuluka, chitseko chimodzi chimatsekedwa ndi waya. Lamulungu lililonse timapinda mpando wakutsogolo, timakwawira kumbuyo, timapanikizana mpaka kusowa popumira. A Kalekeni amauwongola mpandowo, amaupukuta ndi mpango, n'kusiya chitseko chotsegula kanthawi. A Ezelina amatuluka ndi buku lawo la nyimbo, amatipatsa moni tonse mwaulemu, amafunsa amuna awo ngati atseka khola, n'kuuyamba wapansi.